Mowa wa mbuu si woonongeka, chimera timachidziwa kale ife

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya mowa kudzera m'nyuzipepala yanuyi, chifukwa nthawi zonse mowa wophika pakhomo ukatchulidwa m'manyuzi mwathu muno imakhala nkhani ya kachasu, ya munthu amene wapezeka atafa m'ngalande, ya apolisi atakhuthula zigubu pansi, basi. Zimenezo zimachitikadi ndipo muzilemba ndithu, ine sindikutsutsa ayi. Koma palinso kufulula kwina kumene kukuchitika mwakachetechete m'makhitchini ndi pamakhonde muno mu Blantyre kumene palibe akukukamba, ndipo ine ndi mmodzi wa anthu ake. Ndimafulula wakumwa pakhomo ndi abale ndi anzanga, sindigulitsa, ndipo ndimayambira pa mbewu yeniyeni osati za m'chitini zongosungunula zija.

Mowa wake ndi uja amautchula kuti hazy pale ale. Mukauthira mu tambula suoneka mbee ngati Green kapena Kuche Kuche ayi, umakhala wa mbuu, wachikasu, kuwala sikudutsa, thovu loyera lili pamwamba, ndipo musanamwe n'komwe fungo lakupezani kale, la mango, la magalagadeya, nthawi zina la nanazi, pomwe simunalowe chipatso olo chimodzi. Fungo lonselo ndi la ma hops, timaluwa tobiriwira ta chomera china choyanga chimene amathira mu mowa wa m'botolo uliwonse kuti uziwawa pang'ono. Kusiyana kwake n'koti mu mowa uwu timathira ambiri zedi koma mochedwa, nde kuwawa kumachepa fungo n'kuchuluka. Mphamvu yake imakhala cha m'ma 5 peresenti, pafupifupi chimodzimodzi ndi wogula ku golosale.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Anthu ambiri akauona koyamba amabweza tambula, amati aise mowa wakowu sunapse, ena amati waonongeka, ena mpaka amafunsa ngati sungawatsegule m'mimba. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa ife Amalawi takulira thobwa, masese ndi Chibuku, zakumwa zimene sizinayambe zaonekapo mbee chiyambire makolo athu. Tinayamba liti kukhulupirira kuti mowa wabwino ndi wokhawo woti uone dzanja lako kuseri kwa tambula? Ine ndimaona ngati zinayamba pang'onopang'ono kuchokera mu 1968 pamene Carlsberg inatsegula fakitale muno mu Blantyre, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark, nde wa m'botolo uja unasanduka wa anthu a pantchito ndi ophunzira ndipo wa mbuu unatsala kukhala wa kumudzi ndi wa osauka. Mowa wa m'botolowo ndi wabwino ndithu, nanenso ndimamwa, koma maganizo oti wa mbuu ndi wotsika ndi amene ndikukana.

Kunja kumene kunachokera mowawu nakonso anthu anayamba n'kuunyoza. Unayambira ku Vermont m'dziko la America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene John Kimmich wa kampani ya The Alchemist ankafulula mowa wotchedwa Heady Topper osausefa, ndipo anthu a mowa ambiri ankati ndi ulesi, munthu walephera kuyeretsa mowa wake. Koma omwa anaukonda mpaka kumaima pamzere kudikira kugula, ndipo pofika 2018 bungwe la ofulula mowa a ku America la Brewers Association linavomereza kuti uwu ndi mtundu wa mowa pawokha. Lero ukufululidwa paliponse, ku London, ku Cape Town, ku Johannesburg. Iwo anachita kuphunzira kukonda mowa wa mbuu, ife tinabadwa nawo.

Tsono ndifotokoze mmene umapangidwira kuti owerenga aone okha kuti palibe zachilendo. Maziko ake ndi chimera, chimera chenicheni chomwe amayi athu amanyika, kufutsa mpaka chimere, kenako n'kuyanika padzuwa, kungoti ichi ndi cha balere osati cha chimanga kapena mawere. Mbewu ikamera imatulutsa mphamvu ina imene imasandutsa ufa wa m'kati mwake kukhala shuga, n'chifukwa chake thobwa limatsekemera mukathira chimera m'phala olo musanaike shuga wa m'sitolo. Mayi aliyense wophika thobwa amadziwa kuti chimera sathira m'phala lowira gadugadu, amadikira lizizireko kaye, amayesa ndi chala, chifukwa likatentha kwambiri chimera chimafa osagwira ntchito. Nzeru imeneyo ndi yomweyo imene ife timayeza ndi thermometer, timafuna madigiri 66 kapena 67, ndipo akadutsa 78 mphamvu ija yatha basi. Iwo amadziwa ndi chala, ife ndi kachipangizo, ntchito ndi imodzi.

Pa malita 20 a mowa ine ndimatenga makilogalamu 4 a chimera cha balere, magalamu 700 a oats, awa omwewa ophikira phala a m'shopu, ndi theka la kilogalamu la chimera cha tirigu. Oats ndi tirigu ndi amene amapatsa mowawu thupi, umamveka wofewa ndi wodzaza m'kamwa, komanso mapuloteni ake akagwirana ndi zinthu za m'ma hops ndi pamene mbuu uja amakhazikika osadikha. Apa pamafunika kumvetsa, mbuu wake si nsenga ayi, si yisiti yoyandama kapena ufa wosapsa, mukauika mu firiji sabata yathunthu umakhalabe choncho. Chimera sitipera kukhala ufa, timangochiphwanya kuti njere ing'ambike koma makoko akhale athunthu, nde kuchigayo cha chimanga musapite nacho, chikabwera woyera ngati wa nsima ndipo madzi sadzatsika. Amene alibe kachigayo ka manja atha kusinja pang'onopang'ono mu mtondo, zimatheka koma pamafunika kuugwira mtima.

Zipangizo si zambiri ngati mmene anthu amaganizira. Poto wamkulu wa malita 35 kapena 40, thumba la nsalu yopyapyala ya makatani imene telala aliyense wa mu Limbe angakusokereni, ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro chothina, kapaipi, thermometer, basi. Njira ya thumbayi anaitchukitsa ndi anthu a ku Australia ndipo kwa ife ndi yabwino chifukwa poto ndi mmodzi yemweyo. Mumatenthetsa madzi malita 28 kufika madigiri 70, n'kuika thumba m'potomo, kuthira chimera uku mukutakasa kuti pasakhale mibulu, kutentha kumatsikira pa 66 paja, kenako muvindikire n'kufunditsa poto ndi bulangete kwa ola limodzi. Ola likatha mumakweza thumba, madzi otsekemera aja n'kutsalira m'poto. Zotsala m'thumbazo musataye, nkhuku ndi nkhumba zimadya bwino kwambiri.

Madzi ndi nkhani yofunika. A m'mipope yathu ambiri amachokera mu Shire ku Walker's Ferry ndipo amathiramo klorini kuti tisadwale, zomwe ndi zoyenera, koma klorini akakumana ndi chimera mowa umamveka ngati mankhwala a kuchipatala. Nde ndimatunga dzulo lake n'kuwasiya pa mtunda osavindikira, kapena kuthiramo theka la kapilitsi kochotsa klorini kotchedwa Campden. Amene akufuna ufewe kwambiri amaonjezera mchere wina wotchedwa calcium chloride pang'ono, magalamu atatu kapena anayi, ameneyu amapangitsa kuti kuwawa kusakhale kolasa pakhosi.

Kenako mumawiritsa ola lina. Kuno kwathu tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, nde madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97 osati 100 monga alembera m'mabuku, musadabwe n'kumaonjezera makala kuti mwina moto wachepa. Pa mbaula zimatheka bwinobwino bola makala akhale okwanira, ngakhale gasi ndi amene amasunga moto wofanana. Powira ndimathira ma hops ochepa chabe, magalamu 10 kapena 15, chifukwa ma hops akawira nthawi yaitali amawawa ndipo mafuta ake onunkhira aja amathawa ndi nthunzi. Ambiri amalowa moto utazima. Mumadikira kuti kutentha kutsike kufika pa 80, n'kuthira magalamu 90 kapena 100, kutakasa mozungulira, kuvindikira kwa mphindi 20. Pa nthawi imeneyi nyumba yonse imanunkhira zipatso mpaka aneba amafunsa kuti mukuphika jamu wanji.

Ma hops otchuka pa mowa umenewu ndi Citra ndi Mosaic a ku America, amene ambiri amalimidwa ku chigwa cha Yakima, komanso Galaxy wa ku Australia ndi Nelson Sauvin wa ku New Zealand. Koma ine ndikufuna anthu adziwe kuti apafupi aliponso, ku George m'dziko la South Africa amalima Southern Passion ndi African Queen ndipo fungo lake ndi labwino kwabasi, sachepa ayi. Kuno kwathu kulima n'kovuta chifukwa chomerachi chimafuna masiku aatali kwambiri a dzuwa monga amakhalira kumaiko akutali ndi equator, ife usana ndi usiku sizisiyana kwenikweni chaka chonse, olo ku George komweko ankachita kuyatsa magetsi m'minda kuti usana utalike. Nde ma hops tiziitanitsabe, palibe kuchitira mwina, ndipo apa ndi pamene pali ululu. Mu Blantyre monse muno simungalowe mu shopu n'kupeza paketi ya ma hops kapena thumba la chimera cha balere pa shelefu, timadalira wachibale kapena mnzathu wa geni amene akubwera pa basi kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, ndipo ma hops safuna kutentha, akakhala masiku m'chikwama pansi pa basi amafika atayamba kununkha ngati tchizi chakale, ndalama zapita. Akafika bwino aikeni mu firiza pompo, osatsegula mpaka tsiku lake.

Madzi owiritsa aja akazizira timawathira mu ndowa n'kuikamo yisiti kuti isandutse shuga uja kukhala mowa. Apa mdani wamkulu wa wofulula mu Blantyre ndi kutentha. Yisiti yambiri ya mowa uwu, monga London Ale III kapena ina yobwera youma m'kapaketi yotchedwa Verdant IPA, imafuna madigiri 18 mpaka 20, ndipo ikatenthedwa mowa umamveka ukali wonga wa sipiriti ndipo mutu umawawa m'mawa. Mu June ndi July chiperoni chikagwa ndi nthawi yathu yokolola, ndowa mungoiika pakona m'chipinda basi yisiti imagwira yokha mosangalala. Koma October ndi November ndi nkhondo, nde timaika ndowa m'beseni la madzi, kuifunditsa thaulo lonyowa, n'kumasinthanitsa mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi madzulo, magetsi akazima tsiku lonse ayezi uja kulibe, mtima uli m'mwamba. Chimene chatithandiza ndi yisiti ina yotchedwa kveik, ya alimi a kumidzi ku Norway, amene akhala akuisunga m'mabanja mwawo mibadwomibadwo, kuiyanika n'kupatsirana. Imeneyi imagwira bwino olo pa madigiri 35 ndipo imamaliza m'masiku atatu kapena anayi, ya mtundu wa Voss imaonjezeranso kafungo ka malalanje. Taonani, dziko lonse lapansi lero likugula yisiti ya anthu a kumudzi ku Norway chifukwa panapezeka anthu amene anailemekeza n'kupita kukaifufuza. Nanga ya m'mbiya za agogo athu ku Thyolo, ku Ntcheu, ku Chitipa, ndani akuifufuza? Ikutha ndi eni akewo.

Yisiti ikagwira ntchito masiku atatu kapena ikatsala pang'ono kumaliza timathiranso ma hops ena osaphika, magalamu 120 mpaka 150, molunjika mu ndowa, ndipo awa ndi amene amabweretsa fungo lija lokupezani patali. Asakhalitsemo, masiku awiri kapena atatu akwana, mukawasiya sabata mowa umayamba kumveka ngati udzu ndipo umakanda pakhosi.

Tsono apa ndi pamene ambiri amagwa, mpweya. Mowa uwu umadana ndi mpweya kuposa mowa wina uliwonse. Ukangokumana ndi okosijeni ukatha kupsa, chikasu chokongola chija chimasanduka chabulauni ngati madzi a chithaphwi, fungo la zipatso limathawa, m'masabata awiri okha ntchito yonse yalowa m'madzi. Nde chivindikiro osamangotsegula kuti ndione, ma hops aja thirani mwachangu n'kutseka, pothira m'mabotolo kapaipi kafike pansi penipeni pa botolo kuti usachite thovu, ndipo dzazani mpaka kutsale kampata kakang'ono. Ine ndimakonda mabotolo a pulasitiki a zakumwa za gasi chifukwa umatha kulifinya mowa ufike pakamwa penipeni kenako n'kutseka, mpweya onse watuluka, ndipo likalimba umadziwa kuti gasi wakwana. Shuga wothira m'botolo kuti apange gasi ndi magalamu 5 kapena 6 pa lita, osapitirira, ndipo musathire m'botolo mowa umene sunamalize kuwira, a galasi amaphulika ndipo atha kuvulaza mwana. Kuti mutsimikize pali kachipangizo kotchedwa hydrometer koyezera shuga wotsala mu mowa, mowa ukayamba pa 1.052 n'kutsika kufika cha pa 1.012 n'kukhala pomwepo masiku atatu osasuntha ndiye kuti watha, ndipo mphamvu yake ndi 5 peresenti ndi kakusefukira. Pakatha masiku 10 kapena 14 m'botolo ulowe mu firiji, ndipo umwedwe mwezi umodzi kapena iwiri isanathe, si mowa wosunga uwu.

Ukhondo sindingausiye. Chilichonse chokhudza mowa ukazizira chikhale chotsukidwa ndi chophedwa tizilombo, ndowa, kapaipi, mabotolo, supuni, manja omwe. Masese amafuna kuwawasa kuja, ndi kukoma kwake, koma mowa uwu ukasasa ndiye kuti tizilombo talowa.

Ndikudziwa ena anena kuti bambo inu mukulimbikitsa uchidakwa pomwe achinyamata akutha ndi mowa m'makwalalamu. Nkhawa imeneyo ndimaimva ndipo ndi yoona, tonse taika maliro a anthu amene mowa unawatenga. Koma chimene chikupha ana athu ndi mowa waukali wotchipa, wotcheza, wosadziwika mphamvu yake, nthawi zina wothiridwa zinthu zoti munthu sayenera kumwa. Uwu sititcheza, mphamvu yake timaiyeza ndipo timaidziwa, ndipo munthu amene waima pa moto maola asanu n'kudikira masabata atatu kapena anayi samwa mabotolo khumi usiku umodzi, amamwa limodzi kapena awiri akununkhiza, akukambirana ndi anzake kuti ulendo uno tasintha chani. Ana osakwana zaka 18 ayi, woyendetsa galimoto ayi, mayi woyembekezera ayi, pamenepo palibe kukambirana.

Chimene ndikulakalaka kwambiri ndi choti tisamangodalira balere wochokera kunja. Mapira ali mbwee ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mawere ali kumpoto, tirigu amalimidwa ku Tsangano ndi ku Neno. Ena anachita kale. Nigeria italetsa kuitanitsa chimera cha balere mu 1988 mafakitale a mowa kumeneko anatembenukira ku mapira, ku Uganda anatulutsa Eagle Lager wa mapira mu 2002, ndipo aneba athu a ku Mozambique anayamba kupanga Impala wa chinangwa mu 2011. Mapira ali ndi vuto lake, ufa wake umafuna kutentha kwambiri kuposa wa balere kuti upse, kupyola madigiri 70, pomwe pa kutentha kumeneko mphamvu ya chimera ija imayamba kufa, komanso chimera cha mapira mphamvu yake yopanga shuga woti yisiti idye ndi yocheperako. Koma amayi athu anaidutsa kalekale nkhani imeneyi, amaphika phala padera lipse, lizizire, kenako chimera n'kulowa pambuyo. Ine ndimachita chimodzimodzi, ndimaphika kilogalamu imodzi ya mapira oyera padera n'kuisakaniza ndi balere uja m'malo mwa gawo lina, ndipo mowa umatuluka bwino, wopepukirako, ndi kakomedwe kena kake kosiyana kamene simungakapeze ku Vermont. Ofiira ndimawapewa chifukwa khungu lake limathetha lilime ndipo ma hops athetha kale.

Nde pempho langa likupita kwa akatswiri athu a ku LUANAR, ku MUBAS ndi ku Bvumbwe, kuti atifufuzire mitundu ya mapira ndi mawere imene imatulutsa chimera champhamvu, ndiponso apite kwa amayi ofulula m'midzimu akalembe zimene amadziwa iwo akadali moyo. Kwa a Malawi Bureau of Standards ndi khonsolo ya mzinda wathu, pakhale njira yomveka bwino ndi yosaboola m'thumba yoti wachinyamata amene waphunzira ntchitoyi athe kuyezetsa mowa wake n'kutsegula kafakitale kakang'ono ka malita 200 kapena 300 mwalamulo, alembe anzake awiri atatu ntchito, azigula mapira kwa alimi a ku Shire. Alendo amene amabwera kukakwera phiri la Mulanje kapena kukaona nyama ku Majete amafunsa mowa wa konkuno wopangidwa ndi manja, nanga tiziwapatsa chani? Ndipo kwa a mashopu a ku Ginnery Corner ndi ku Limbe, ayese kuika kashelefu kamodzi ka chimera, yisiti youma ndi ma hops a mu firiji, ogula tilipo ndipo tichuluka zinthu zikamapezeka pafupi.

Inunso akonzi, tumizani mtolankhani wanu tsiku lina Loweruka adzakhale nafe kuyambira potenthetsa madzi mpaka potseka ndowa, abwere ndi wojambula, ndipo ngati kungatheke abwere ndi mayi mmodzi wodziwa kuphika masese kuti tidzaime pa poto limodzi, ife ndi thermometer iwo ndi chala, tidzaone ngati tingasiyane madigiri angati. Abwere mu June kapena July kukuzizira, ayambe 7 koloko m'mawa, pofika 1 koloko masana tidzakhala tamaliza.

Ine wowerenga wanu,
Wofulula wa ku Chilomoni, Blantyre